Kodi Injini Yanu Ikupuma Chiyani?

Nyengo yogulitsa fodya ikafika kumapeto, pamsewu wochokera ku Mvurwi kupita ku Guruve pamamveka mawu achilendo. Ndalama zikalowa m'thumba, ena amagula ng'ombe, ena malata, ndipo achinyamata ambiri amagula galimoto zogwirapo kale ntchito ku Japan, monga Honda Fit kapena Toyota Probox, kuti azinyamula anthu pa mushikashika. Pakangotha masabata owerengeka, zina mwa galimotozi zimayamba kubangula ngati mkango. Mukatsegula boneti mupeza kuti bokosi lakuda la pulasitiki limene linali pambali pa injini lachotsedwa, ndipo m'malo mwake mwaikidwa sefa yofiira yooneka ngati kachulu. Ena, poona kuti sefa yotereyi ndi yodula, amangozula yakaleyo n'kusiya payipi ili kukamwa yasa.

Eni ake mukawafunsa amati galimoto tsopano ikupuma bwino ndipo mphamvu zawonjezeka. Mwina owerenga ena anganene kuti izi ndi zibwana za anyamata, zosayenera kudya malo m'magazini ya chitukuko. Koma maganizo omwewa ndawamva kwa oyendetsa mathirakitala, kwa eni zigayo, ngakhalenso kwa magulu a ulimi wothirira amene pampu yawo ya dizilo ndiyo imadyetsa mabanja m'chilimwe. N'chifukwa chake ndaona kuti m'pofunika tikambirane nkhaniyi mofatsa.

Injini ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo, ndipo moto suyaka popanda mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikayeza m'malita, lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000. Tsono mukathira malita 10 popita ku Harare, injini yanu idzameza mpweya wa malita 100,000 mafutawo asanathe. Talingalirani mpweya umenewu m'mwezi wa Okutobala, muli pambuyo pa lole yonyamula miyala ya chrome kuchokera m'mapiri a Great Dyke, fumbi litatseka msewu moti simukuona ngakhale ng'ombe yodutsa.

Fumbi timaliona ngati ufa, koma mkati mwake muli timchenga tolimba kuposa chitsulo cha silinda. Tikalowa m'injini timasakanikirana ndi oyilo n'kusanduka phala lokhula, longa lija amakaniko amanolera mavalavu. Phalali limadya maringi a pisitoni ndi makoma a silinda pang'onopang'ono. Poyamba mumangoona kuti oyilo akuchepa msanga. Kenako ku ekizozi kumatuluka utsi wobiriwira, m'mawa wa Juni injini imakana kulira mpaka ana aikankhe, ndipo chitunda chimene mumakwera pa giya 3 chimafuna giya 2. Popeza zimenezi sizichitika tsiku limodzi, sefa yochotsedwa ija saiganizira n'komwe. Mlandu umagwera wogulitsa mafuta, kapena amene anagulitsa galimotoyo, ndipo nthawi zina mpaka mnansi amene amati anayang'ana galimotoyo ndi diso loipa.

Komabe tisawaweruze msanga anyamatawa, chifukwa dandaulo lawo lili ndi maziko. Galimoto zathu kuno zimakhaladi zofooka. Dera la Guruve kumtunda kuno lili pamwamba pa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya umapepuka munthu akamakwera. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 alionse pa mamita 300 alionse okwera. Motero galimoto imene inatsika sitima padoko la Durban imafika kuno itataya kale gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake, palibe chimene chawonongeka. Onjezanipo anthu 8 m'galimoto yopangidwira 5, ndi matumba awiri a feteleza kumbuyo. Woyendetsa akamati galimoto ikusowa mpweya sakunama. Chimene walakwitsa ndi mankhwala.

Bokosi lija amachotsa lili ndi ntchito zingapo. Limasunga sefa, limazimitsa phokoso la mpweya wolowa pogwiritsa ntchito timapanga topangidwa mwadala, ndipo limakoka mpweya kutsogolo kwa galimoto kumene uli wozizira. Mukalichotsa phokoso limamasukadi, ndipo khutu limauza mtima kuti liwiro lakwera. Koma sefa yosiyidwa poyera pansi pa boneti imapuma mpweya wotenthedwa ndi radiyeta ndi mapayipi a ekizozi, makamaka poyenda pang'onopang'ono m'misewu yathu yokumbika. Mpweya ukatentha ndi madigiri 30 umapepukanso ndi gawo lina pafupifupi limodzi mwa 10. Munthu walipira ndalama ya fodya kuti akweze galimoto yake pa phiri lachiwiri.

Sefa zotere zili ndi kwawo. Kampani yodziwika nazo kwambiri, K&N ya ku California m'dziko la America, inayamba ndi anthu a mipikisano ya njinga zamoto m'zaka za m'ma 1960. Sefa zake ndi za nsalu ya thonje yopakidwa oyilo wapadera, zoti zizichapidwa ndi kupakidwanso. Injini ikamazungulira kufika pamapeto penipeni, mphamvu pang'ono zingathe kuwonjezeka, ndipo kwa munthu wa mpikisano kachidutswa ka sekondi ndi nkhani yaikulu. Iyeyo saopa kumasula injini yake kawirikawiri. Mlimi wa ku Guruve amafuna injini imene ifike nayo nyengo zisanu zogulitsa fodya isanatsegulidwe. Dziwaninso kuti zambiri zogulitsidwa motchipa ndi zongotengera maonekedwe, ndipo mukaziyang'anitsa padzuwa mumaona kuwala kukudutsa m'timabowo. Palinso vuto la oyilo wopakidwa mopyola muyeso: galimoto zambiri zamakono zili ndi kawaya kotentha m'payipi koyeza mpweya wolowa, ndipo kakadetsedwa kompyuta ya galimoto imasokoneza muyeso wa petulo.

Ena amati amachotsa sefa kuti apulumutse mafuta. Mu 2009 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory ku America anayesa galimoto zokhala ndi sefa zotsekeka kwambiri. Anapeza kuti m'galimoto zamakono, zimene kompyuta imayeza petulo, kadyedwe ka mafuta sikanasinthe kwenikweni, ngakhale kuti liwiro lonyamukira linachepa. Imene inaonjeza kudya mafuta inali yakale ya kabureta. Choncho ngati sefa yotsekeka simadyetsa mafuta Honda Fit, kuichotsa sikungapulumutse kanthu.

Nalo dzinja lili ndi msampha wake. Pofuna mpweya wozizira, ena amatsitsa payipi mpaka kuseri kwa bampala. Timitsinje tothira mu Dande tikadzaza, payipiyo imamwa madzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo okwana kapu imodzi angathe kupinda chitsulo cholumikiza pisitoni nthawi yomweyo. Ngati pali kusintha kumene ndingakuvomereze, ndi kuja timakuona pa ma Land Cruiser otsikira kuchigwa kupita ku Mushumbi Pools ndi ku Kanyemba: payipi yokwezedwa mpaka kudenga, yokoka mpweya pamwamba pa fumbi la matayala ndi pamwamba pa madzi, sefa ya fakitale ili m'malo mwake.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti nzeru zimenezi zinalipo kale pakati pathu. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya a ku Mashonaland, ambiri anakhala oyendetsa mathirakitala ndi amakaniko. Thirakitala monga Massey Ferguson 135, imene inayamba kupangidwa mu 1964, kawirikawiri inali ndi sefa ya kambale ka oyilo pansi. Mpweya umatsika, n'kukhota mwadzidzidzi pamwamba pa oyiloyo, fumbi n'kutsalira momwemo. M'nyengo yolima, kutsuka kambale kameneka inali ntchito ya m'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke. Malo atagawidwa kuyambira mu 2000, magalaja a m'mapulazi ambiri anatsekedwa, makina anabalalika, ndipo achikulirewa anatsala m'makomboni popanda wowafunsa. Ena akadalipo. Alangizi ndi ogwira ntchito m'midzi angachite bwino kuwaitana pa maphunziro a magulu, ndi kuwapatsa kangachepe, m'malo modikira katswiri wochokera ku Harare.

Kwa amene muli ndi sefa ya kambale, malangizo sanasinthe. Matope akafika msinkhu wa chala chopingasa, khuthulani, tsukani ndi dizilo, ndipo thirani oyilo wa injini mpaka pa mzere wolembedwa. Musapyole mzerewo, chifukwa injini ya dizilo ikayamba kuyamwa oyilo ameneyu imatha kuthamanga yokha osamvera chozimitsira.

Sefa ya pepala ndiyo imazunzidwa kwambiri. Kuimenyetsa pa tayala kumang'amba pepala m'makwinya mosaoneka, ndipo kuichapa ndi madzi kapena petulo kumaiwonongeratu. Ngati mukuipemerera ndi kompuresa, mpweya ukhale wofatsa ndipo uchokere mkati kupita kunja. Mukatero lowani nayo m'nyumba ya mdima, ikani tochi mkati mwake, ndipo mukaona kadontho kowala ngakhale kamodzi, sefayo yatha ntchito. Mathirakitala ambiri atsopano ali ndi sefa ziwiri. Yam'katiyo satsuka, amangosintha ikakwana nthawi. Musamatsegulenso bokosi tsiku ndi tsiku popanda chifukwa: sefa yogwirako fumbi pang'ono imasefa bwino kuposa yatsopano, ndipo kutsegula kulikonse kumapatsa fumbi mpata wogwera kumbali yoyera.

Ku chigayo ndi pa pampu nkhani imayamba ndi utsi wakuda. Injini ya dizilo ikasowa mpweya imafuka utsi wakuda ndi kufooka. Woyendetsa amachotsa sefa, utsi n'kutha, ndipo aliyense amagwirizana kuti mdani anali sefayo. Chimene utsiwo umanena n'chakuti sefa yagwira ntchito yake ndipo ikufuna kutsukidwa kapena kusinthidwa. Chigayo chili ndi vuto lapadera poti ufa wouluka umatseka sefa msanga kuposa fumbi la pamsewu. Njira yotsika mtengo ndiyo kuboola khoma ndi kutulutsa payipi ya mpweya kunja, kumbali yosayang'ana msewu. Payipiyo isachepere yoyambayo, isakhale ndi makhotakhota ambiri, ndipo ivekedwe kachipewa koteteza mvula.

Kwa anzanga ogwira ntchito ndi magulu, pempho langa ndi ili. Pothandiza gulu kulemba malamulo a makina ake, timakumbukira ndalama ya dizilo ndi malipiro a woyendetsa, koma sefa timaiiwala. Ikhale ndi mzere wakewake m'buku la msungichuma, sefa imodzi yapadera izikhala m'kabati nthawi zonse, ndipo dzina la woiyang'anira lilembedwe. Mukapita kukayendera gulu, nyamulani kansalu koyera. Injini ili yozima, masulani payipi yochokera ku sefa kupita ku injini ndipo pukutani mkati mwake. Kansaluko kakatuluka ndi fumbi, ndiye kuti penapake pakudontha: sefa yang'ambika, mphira wa m'mphepete mwake sanakhale bwino, chomangira chamasuka, kapena payipi yachita mng'alu kunsi kumene maso safika. Mng'alu wotere mutha kuumanga ndi mphira wa chubu kuti mumalize kuthirira tsikulo, koma payipi yatsopano igulidwe sabata yomweyo.