Cikondi Sicikhala ku Paris

Mwezi watha ndinauza ana anga a Giredi 11 kuti alembe nkhani ya mutu wakuti "Tsiku limene ndidzadziwa kuti amandikonda." Atsikana ambiri ananditengera kumalo amodzi: pansi pa Eiffel Tower, mnyamata atagwada, mphete ili m'manja. Ana a ku Kanyama ndi Chawama, amene ena sanakwerepo ngakhale basi ya ku Livingstone, agamula kale kuti cikondi ceniceni cimakhala ku Paris. Poyamba ndinaseka. Pambuyo pake mtima unandiwawa.

Tiyeni tikambe zimene TikTok ndi Instagram sizikuuzani. Maulendo a masiku awiri kapena atatu a ku Paris, Rome ndi Venice anapangidwira anthu okhala pafupi. Wa ku London amakwera sitima ya Eurostar Lacisanu madzulo, maola atatu asanakwane ali ku Paris, Lamlungu wabwerera kunyumba. Wa ku Belgium amalowa mu France popanda viza, cifukwa maiko a Schengen anacotsa zipata pamalire ao. Kwa iwo ulendowu uli ngati wa ku Siavonga kwa munthu wa mu Lusaka. Cimene cithunzi cao cimaonetsa n'cakuti amakhala pafupi, basi.

Ife nkhani ndi ina. Kuyambira June 2024 viza ya Schengen ndi mayuro 90 munthu mmodzi, ndipo akakukanizani, ndalamayo yapita. Amafuna mapepala a kubanki, kalata ya kunchito, umboni wa kumene mukagona, ndi inshuwaransi ya cipatala yofika mayuro 30,000. Mukapambana pamenepo, ndege ikupititsani ku Addis Ababa, Nairobi, Doha kapena Dubai, kumene mudzagona pampando kudikira ina. Pa masiku anu ocepawo, awiri atha muli panjira.

Ndili ndi mnzanga, mphunzitsi ngati ine, amene anapita. Mkazi wake anatopa kuona zithunzi za anzake, ndipo iye sanafune kuoneka mwamuna wolephera. Anatenga nkhongole yodulidwa pamalipiro, zitacepa anaonjeza kaloba. Anakhala ku Paris masiku 4. Papita zaka ziwiri tsopano, ndipo pa mwezi uliwonse amadulidwabe. Lendi imacedwa, ana anacotsedwa pasukulu imene anali, ndipo awiriwo amakangana pansi pa cithunzi cao comwe ca ku Paris, cimene cili pakhoma m'cipinda cocezera. Akuluakulu sananame: cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Comvetsa cisoni n'cakuti eni mizindayo atopa nazo. Pa mlatho wa Pont des Arts ku Paris, okondana anali kukhoma maloko n'kutaya makiyi mumtsinje wa Seine, akuti cikondi cao cisadzathe. Mu 2014 mbali ya mpanda wa mlathowo inagwa ndi kulemera. Mu 2015 akuluakulu a mzinda anacotsa maloko olemera matani pafupifupi 45. Malumbiro onse aja anakwezedwa pa lole ngati zitsulo zakutha. Venice inayamba mu 2024 kulipiritsa mayuro 5 alendo obwera tsiku limodzi pamasiku a khamu. Ku Barcelona, mu July caka comweco, anthu a mumzinda anathira alendo madzi ndi mfuti zoseweretsa ana, cifukwa nyumba zasanduka malo ogona alendo ndipo lendi yawakulira. Ife tikulowa m'kaloba kuti tikaime pamzere pamalo pamene eni ake akuti, "Mwaculuka."

Ndidziwa wina anena kale kuti, "Aphunzitsi, imeneyo ndi nsanje cabe." Iai. Inenso ndifuna kuona Rome. Colosseum ndimaiona m'mabuku cabe, ndipo tsiku lina ndidzaigwira ndi dzanja, mkazi wanga ali pambali, ndalama yake itacoka m'thumba lathu. Kulota sikulakwa, ndipo mwana wa mukomboni ali ndi ufulu woona dziko monga wina aliyense. Cimene ndikana ndi kusandutsa tikiti ya ndege kukhala sikelo yoyezera munthu. Sikelo imeneyo imaphunzitsa mnyamata kunama ndi kukongola, ndipo imakankhira mtsikana kwa mdala wa ndalama, msinkhu wa atate ake, amene angathe kulipira.

Sabata yotsatira ndinabwezera ana aja mapepala ao. Ndinati alembenso, koma tsopano za cikondi cimene anacionapo ndi maso ao. M'kalasi munakhala zii kwa nthawi. Mtsikana wina analemba za atate ake, amene amauka 04:00 tsiku lililonse kuperekeza amai ku msika wa Soweto kukaoda tomato, cifukwa njira ya kusiteshoni imakhala ya mdima. Akawakweza minibasi, amabwerera okha kukakonzekera nchito yao. Analemba masamba atatu, ndipo Paris sanaichule ngakhale kamodzi.