Saladi ya makaroni ndi nkhuku: yokoma, koma sicheza ndi dzuwa

Pa maukwati ndi zinkhoswe za ku Ulongwe, Domwe ndi Zóbuè masiku ano pamaoneka mbale ina pambali pa mpunga ndi mbatatesi. Iyi ndi saladi ya makaroni, amene m'masitolo amagulitsidwa ndi dzina lakuti massa. Imadyedwa yozizira, ndipo nkhuku imodzi imakwanira anthu khumi.

Zofunika ndi izi: paketi ya makaroni ya magalamu 500, nkhuku imodzi, matimati 4, anyezi 2, karoti 3, tsabola wobiriwira, mafuta ophikira masupuni 6, madzi a mandimu masupuni 3 ndi mchere.

Wophika ayambe ndi nkhuku. Aiwiritse ndi mchere ndi adyo mpaka mnofu uleke fupa, pasaoneke magazi pena paliponse. Nkhuku yachikuda imachedwa kupsa koma ndiyo yokoma. Msuzi wake asataye, ndi ndiwo ya nsima. Mpeni ndi mbale zimene zakhudza nkhuku yaiwisi azitsuke ndi sopo zisanakhudze masamba, popeza nyama yaiwisi imanyamula tizilombo totsegula m'mimba.

Makaroni awathire m'madzi ambiri owira kale, a mchere, kwa mphindi 8 mpaka 10. Asapsetse, angasanduke phala. Akawakhetsa awatsuke ndi madzi owiritsa amene azizira, kenaka athire supuni imodzi ya mafuta kuti asamatane. Masamba nawo atsukidwe ndi madzi owiritsa kapena othira Certeza. Kolera amene anavuta m'chigawo cha Tete ndi ku Malawi mu 2023 amayenda ndi madzi akuda, ndipo masamba a saladi sapita pamoto.

Zonse zikazizira, aduledule nkhuku ndi masamba, asakanize ndi makaroni. Mafuta otsala, mandimu ndi mchere azipakase m'kapu, athire pamwamba.

Tsono nkhani yaikulu ndi nthawi. Tizilombo timaswana msanga m'chakudya chimene sichili chotentha komanso sichili chozizira kwenikweni, pakati pa madigiri 5 ndi 60. Saladi isakhale pabwalo kupitirira maola awiri. Kumalo otentha ngati ku Tete ndi ku Moatize m'mwezi wa Okutobala, ola limodzi lokha ndi lokwanira. Ngakhale kumapiri a Angónia kozizira, lamulo la maola awiri silisintha. Choopsa n'chakuti chakudya chotere chimatha kudwalitsa chisananunkhe, ndipo oyamba kugwa ndi ana, amayi oyembekezera ndi okalamba.

Amene alibe firiji asaphike usiku kuti adye mawa. Aphike tsiku lomwelo, nthawi yodyera itayandikira. Ngati phwando lili kutali, ndi bwino kunyamula makaroni ndi masamba osaphika, ndi kukaphikira komweko. Amene ali ndi bokosi la ayisi aikemo mbale yovundikira bwino, aike pamthunzi. Mayonezi wogula ndi wabwino kwa okhala ndi firiji, koma wopanga okha ndi mazira aawisi asayerekeze.

Zotsala pambale zikapitirira nthawi zitayidwe. Kuwiritsanso sikuthandiza nthawi zonse, chifukwa poizoni wina amene amabadwa m'makaroni ogonera safa ndi moto. Zisapatsidwe kwa ana ati poopa kuwononga. Mwini phwando amene alendo ake abwerera kwawo ali bwino ndiye waphika.