Popempha antena, musaiwale tsiku la msika

Inu a ku Lifidzi, malo amene rede imagwira mumawadziwa. Wina amakwera pachulu. Wina amaima pansi pa mtengo womwewo tsiku ndi tsiku, foni ili m'mwamba. Ndiye pamsonkhano pempho limakhala limodzi: "Tikufuna antena." Pempholi ndi labwino, koma ine ndikuti ndi loperewera.

Taganizani za mjigo. Choyamba mumafunsa kuti uli kutali bwanji ndi nyumba. Kenako mumafunsa kuti ungatungitse anthu angati m'mawa umodzi. Mjigo utha kukhala pakhomo penipeni, koma zidebe zikachuluka mumabwerera wopanda madzi.

Antena ilinso chimodzimodzi. Pali kutalika kumene mphamvu yake imafika. Palinso chiwerengero cha mafoni amene ingawanyamule nthawi imodzi. Timizere ta pafoni panu timangokuuzani za choyambacho. N'chifukwa chake tsiku la msika timizere timatha kudzaza, koma mukaimba osapita. Wogula mbatata yanu ya kachewere akuti watumiza ndalama pa e-Mola kapena pa M-Pesa, uthenga osafika, galimoto ikufuna kunyamuka. Mupereka matumbawo kapena ayi? Pamenepo antena ilipo ndithu, koma yalemedwa.

Dziko lathu la Angónia ndi la mapiri, ndipo phiri limatchinga rede monga limatchingira dzuwa. Mudzi wa pamtunda utha kumva bwino, pamene wa kuseri kapena wa kudambo uli zii, ngakhale uli pafupi. Mayi akayamba kudwala matenda a uchembere usiku, palibe amene ali ndi nthawi yokwera pachulu. Amene amayandikira malire a Dedza nthawi zina foni imagwira rede ya ku Malawi. Imeneyo musaiwerengere ngati yanu.

Vodacom inayamba ntchito m'dziko muno mu 2003, Movitel mu 2012, ndipo palinso Tmcel. Makampaniwa ali ndi akatswiri ndi mapu. Koma mapu sanena kuti Lamulungu anthu amadzadza pa mishoni, kapena kuti nthawi yokolola ogula amakhamukira pamsewu uti. Zimenezo mumadziwa ndi inu.

Ndiye chitani izi. Tengani kope lomwelo limene mukuphunzirira kulemba. Kwa mwezi umodzi, lembani dzina la malo, tsiku, nthawi, ndi chimene chachitika. Mulembe "palibe timizere" kapena "timizere tilipo koma sikupita". Mawu awiriwa ndi matenda awiri osiyana. Oyamba amafuna antena ina pamalo okwera. Achiwiri amafuna kuwonjezera zida pa antena imene ilipo kale. Rede ikamathawa magetsi akazima, lembaninso, chifukwa limenelo ndi vuto la mabatire.

Kopelo lipite kwa a nyakwawa ndi kwa amene amakuimirirani mu conselho consultivo, kuti nkhani ikafike ku boma ku Ulongwe. Bungwe la INCM ndi limene limayang'anira makampani a mafoni. Lili ndi thumba la ndalama lothandizira kufikitsa mafoni kumidzi kumene makampani saonako phindu. Midzi yopempha ndi yambiri. Kalata yonena kuti "kuno kulibe rede" idzangosanjikizana ndi zinzake. Yanu itchule mudzi, phiri limene likutchinga, mtunda wokafika kuchipatala, ndi tsiku la msika.