Mphunzitsi wa timu ndi mkamwini

Chilowereni Dedza Dynamos mu ligi yaikulu ya TNM mu 2022, mkangano umodzi sutha pakati pa ochemerera timuyi. Ikagonja pa bwalo la Dedza, ena amafuula kuti mphunzitsi achoke. Ena amati vuto ndi osewera amene akuluakulu a timu amabweretsa. Mkanganowu umafika mpaka ku Bembeke, ku Linthipe ndi ku Lobi, m'maminibasi ndi pa bawo pomwe. Mbali zonse zili ndi mfundo, koma mlandu uwu wakhala ukuzengedwa mozondoka.

Achewa a kuno kumapiri amadziwa bwino za chikamwini. Mwamuna akalowa m'mudzi wa mkazi, amapatsidwa munda woti alime, koma munda si wake. Sangagulitse mbuzi ya pakhomopo popanda mwini mbumba kulola, ndipo akuluakulu anamuchenjeza kale kuti mkamwini asamakule mwendo. Chodabwitsa n'chakuti chaka cha njala, chala choyamba chimaloza iyeyo: ndi waulesi, sadziwa kugwira khasu, abwerere kwawo.

Mphunzitsi wa mpira ali pa mpando womwewo. Dan Dzinkambani, Gilbert Chirwa ndi Andrew Bunya onse anakhalapo pa mpando wa Dynamos. Aliyense wa iwo anapeza munda uli ndi eni ake. Mphunzitsi amasankha anthu 11 olowa m'bwalo, ndipo akasankha molakwika n'koyenera kumudzudzula. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma za kugula ndi kugulitsa osewera zimathera kwa osunga thumba.

Pakati pa chaka cha 2023, Clement Nyondo anachoka ku Dedza kupita ku Wanderers ya ku Blantyre, ndipo pomatha chakacho ndiye anali atagoletsa zigoli zambiri mu ligi yonse. Mu 2024 Promise Kamwendo anatsata njira yomweyo. Kodi ndi mkamwini uti angadzaze nkhokwe ngati khasu lakuthwa limachoka m'manja mwake dzinja lili pakati?

Apa pafunika kunena mwachilungamo. Kugulitsa wosewera si tchimo. Timu ya kumudzi siingapikisane malipiro ndi Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers, ndipo kumutsekera njira mnyamata amene mwayi wamugwera ndi nkhanza. Ngakhale dzina la timuyi lakhala likusintha malinga ndi oithandiza, monga Salima Sugar ndi Premier Bet, zomwe zikuonetsa kuti ndalama siichokera m'nkhokwe ya pakhomo. Mlimi wa kachewere ku Bembeke nayenso amagulitsa mbatata zazikulu kwa amalonda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo palibe amene amamuseka. Amene amasekedwa ndi uja wogulitsa ndi mbewu yomwe, n'kumadzapempha kwa anzake nthawi yobzala.

Choncho funso loyenera kupita ku bwalo si la dzina la mphunzitsi. Ochemerera, amene ali ngati ankhoswe a ukwati umenewu, afunse eni mbumba kuti pa ndalama ya wosewera wogulitsidwa, ndi zingati zimapita kwa anyamata achisodzera. Afunsenso ngati mphunzitsi amamvedwa wosewera watsopano asanalembedwe, kapena amangomuona atavala kale yunifomu. M'mera m'poyamba, ndipo m'mera wa Dynamos uli m'mabwalo a sukulu za ku Mayani, ku Chimbiya ndi ku Thete, kumene ana amathamangitsa mpira wa mapepala madzulo aliwonse, chisanu cha June chili m'mafupa.