Tomato wanu akadwala, mumafunsa ndani?

Mukayenda m'malokeshoni a ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu masiku ano, kuseri kwa nyumba zambiri mupezako matumba odzadza dothi, zigubu zodula pakati ndi matayala akale, zonse zili ndi mpiru, repu, anyezi kapena tomato. Ndiwo zakwera mtengo, ndipo achinyamata ambiri tazindikira kuti kamalo kakang'ono kangapulumutse ndalama ya ndiwo, mwinanso kubweretsa kangachepe. Mpaka pamenepa zonse zili bwino. Mavuto amayamba tsiku limene masamba ayamba kuchita mawanga kapena mbewu yafota dzuwa lisanakwere n'komwe.

Zikatero ambirife timajambula chithunzi n'kuponya pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook. Pakangotha mphindi khumi mayankho ali mbwee. Wina akuti thirani phulusa, wina akuti sopo, wina watchula dzina la mankhwala, ndipo mukafufuza mupeza kuti iyeyo ndi amene akugulitsa mankhwalawo. Mapeto ake munthu amapita kusitolo ya zipangizo za ulimi n'kungoti, "Ndipatseni mankhwala a tomato." Ngati kuti tomato amadwala nthenda imodzi yokha.

Taonani zitatu zokha mwa zimene zimagwira tomato. Pali kambozi kotchedwa Tuta absoluta, komwe kanachokera ku South America. Kamalowa mkati mwa tsamba n'kumadya, kusiya tizigamba toyera, kenako kamaboola chipatso. Kambozi kameneka sikachedwa kuzolowera mankhwala, choncho kupopera mtundu umodzimodzi sabata iliyonse n'kutaya ndalama. Pali chiwawu, chomwe chimakonda nyengo yozizira ndi yachinyontho; masamba amada ngati awauka ndi moto. Mankhwala opha tizilombo sachita kanthu pa chiwawu, chifukwa si kachilombo koyenda kamene kakudya masambawo. Ndiye pali kufota koyamba ndi mabakiteriya a m'nthaka. Mbewu imalefuka masamba akadali obiriwira. Mukadula tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera, mumaona timadzi tonga mkaka tikutsika pang'onopang'ono. Kumeneku kulibe mankhwala opopera. Mbewuyo muizule, ndipo pamalopo musabzalenso tomato, mbatatesi, mabiringanya kapena tsabola kwa zaka zingapo, chifukwa zonsezi n'zapachibale.

Pa chithunzi cha pafoni, chojambulidwa madzulo ndi dzanja lonjenjemera, zitatuzi zikhoza kuoneka zofanana. Munthu wophunzitsidwa, woti wafika pamalopo n'kutembenuza tsamba ndi chala, amazisiyanitsa m'mphindi zochepa.

Funso la "ndifunse ndani" si lathu lokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mlangizi wina wa zaulimi wa yunivesite ya Washington State ku America, dzina lake David Gibby, ankagwira ntchito m'dera la mizinda ya Seattle ndi Tacoma. Anthu a m'tauni ankamuimbira foni osalekeza, aliyense ndi funso la maluwa ake, mtengo wake wa zipatso, masamba ake. Munthu mmodzi sakanakwanitsa. Iye ndi anzake anaganiza zophunzitsa anthu wamba okonda ulimi wa kudimba, kwaulere, koma pa mgwirizano wakuti akamaliza adzabweze popereka maola awo kuthandiza ena. Anayeserera kaye mu 1972 poika tebulo loyankha mafunso pa malo ogulitsira malonda a Tacoma Mall, ndipo maphunziro oyamba anachitika mu 1973. Anthu amenewa amatchedwa Master Gardener. Lero akupezeka pafupifupi m'zigawo zonse za America ndi mbali zina za Canada. Salandira malipiro. Amakhala pamisika ya alimi, amaphunzitsa m'sukulu, amayankha mafoni, ndipo lamulo lawo n'lakuti malangizo achokere pa kafukufuku wa yunivesite, osati pa zimene wina akufuna kugulitsa.

Musafulumire kunena kuti "zimenezo n'za kunja". Kwathu kuno chinthu chofanana nacho chilipo, kungoti ife a m'tauni sitichidziwa. Alangizi a boma ndi ochepa poyerekeza ndi mabanja omwe akuyenera kuwafikira, choncho unduna wa zaulimi ndi mabungwe ena amaphunzitsa alimi otsogola. Ameneyu ndi mlimi wa m'mudzi momwemo, kawirikawiri wosankhidwa ndi anzake, yemwe amaphunzira kwa alangizi n'kumaonetsa ena pa munda wachitsanzo. Nayenso alibe malipiro a pamwezi. Ndi anthu ngati amenewa amene afalitsa luso lophimbira nthaka ndi mapesi, kukumba mayenje osunga chinyontho, ndiponso kupanga manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kuwasunga m'thumba kwa masiku 21. Palinso zipatala za mbewu, zomwe zinabwera kudzera m'pologalamu ya Plantwise ya bungwe la CABI: mlimi amanyamula mbewu yodwala kupita nayo kwa "dokotala wa mbewu", n'kulemberedwa chochita ngati mmene zimakhalira kuchipatala. Kumbuyo kwa zonsezi kuli malo a kafukufuku monga Bvumbwe ku Thyolo, komwe amachita za masamba ndi zipatso, ndi Chitedze ku Lilongwe.

Tinene zoona, njirayi ili ndi zofooka zake. Munthu wogwira ntchito yaulere amatopa, makamaka akamayenda mitunda pa njinga yake, munda wake ukumera udzu. Maphunziro ambiri amatsamira pa chimanga, soya ndi mtedza, za kudimba zimabwera pambuyo. Ndipo mlimi wotsogola sangalowe m'malo mwa mlangizi; boma lisapezerepo mpata wosalemba alangizi ntchito poti alipo odzipereka. Koma chofooka chachikulu kwa ife n'chakuti dongosololi linapangidwira kumudzi. Mnyamata wa ku Ndirande kapena mtsikana wa ku Area 25 amene ali ndi matumba makumi awiri a tomato sali pa mndandanda wa aliyense.

Ndipo nkhaniyi si ya ndalama zokha ayi. Pa botolo lililonse la mankhwala ovomerezeka pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera mpaka tsiku lokolola. Amene wagula mankhwala opungulidwa m'kabotolo ka madzi akumwa, opanda chizindikiro, masikuwo sangawadziwe. Amapopera mpiru Lachinayi, Loweruka wathyola, Lamulungu ana adyera nsima. Ena agulitsa kwa oyandikana nawo. Bungwe la Pesticides Control Board lilipo kuti lizivomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno, koma silingafike kuseri kwa nyumba iliyonse. Amene angafikeko ndi munthu wa m'dera lomwelo, wodziwa, woti akhoza kukuuzani kuti, "Achimwene, masamba amenewa musawathyole sabata ino."

Ndiye titani? Choyamba, funsani kumene kuli ofesi ya zaulimi yapafupi nanu, imene amati EPA, kapena ya boma lanu, ndipo mutenge nambala ya mlangizi wa dera lanu. Mukamapita, nyamulani mbewu yodwalayo m'jumbo, ndi mizu yomwe, osati chithunzi chokha. Mukanene kuti munabzala liti, mumathirira kangati, munathira chiyani, ndipo pamalopo panali mbewu yanji kale. Safunsa anadya phula, koma wofunsa aliyense wodutsa pamsewu nayenso akhoza kulidya.

Chachiwiri n'cholemererapo. Tili ndi achinyamata omwe anamaliza maphunziro ku Bunda ndi ku NRC, ena akadali kufunafuna ntchito. Tili ndi amayi omwe alima dimba m'mbali mwa mtsinje zaka zambiri, odziwa nthaka ya dera lawo kuposa buku lililonse. Tili ndi magulu a achinyamata kumpingo ndi kumzikiti, mabanki m'khonde, ndi makomiti a sukulu. Chingalepheretse n'chiyani gulu limodzi kupempha mlangizi kuti aphunzitse anthu khumi kwa Loweruka zingapo, pa mgwirizano wakuti akatero aziika tebulo pamsika kamodzi pamwezi, kuyankha mafunso kwaulere, osagulitsa kanthu? Zomwe sakuzidziwa azitumiza kwa mlangizi. Ku Tacoma zinayamba choncho: tebulo, mipando, ndi anthu obwera ndi masamba odwala m'manja.

Ngati mukulima m'matumba chaka chino, yambani ndi nambala ya mlangiziyo. Ngati zaulimi mumazidziwa kale, pamsonkhano wotsatira wa gulu lanu mukaitchule nkhani ya tebuloyi.