Mumafuna a kochi agulitse ana a eni?

Pa Chiwelu chapitachi, kumasewera a masukulu a sekondale, tinamva mawu amene sitifuna kuti tiwazolowere kuno ku Chipata. Aphunzitsi ena, mwana wobadwira muno m'Nabvutika, anabwera ndi anyamata a pasukulu imene akuphunzitsa tsopano kunja kwa tauni, kudzamenya bola ndi sukulu imene inawaphunzitsa iwo. Anyamata awo anawina 2-0. Bola itatha, amuna akuluakulu andevu, ena amene anakhala nawo pa desiki imodzi, anayamba kukuwa kuti, "Yudasi! Wogulitsa!" Pa Mande, pa pulogalamu ya zamasewera pa wailesi imene timathandizako, mafoni sanapume. Wina anati munthu salasa bere limene anayamwa. Wina anati akadauzako anyamata awo kuti achepetse moto.

Ife tikuti ai. Ndipo tikufuna oyimba mafoniwo amvetsetse chimene akupempha.

"Kuchepetsa moto" tanthauzo lake n'chiyani? Ndiko kuti a kochi aitane mnyamata wa Giredi 11 amene wakhala akuthamanga masana onse kuyambira temu itayamba, amene nsapato za bola amachita kubwereka, n'kumunong'oneza kuti lero usagoletse chifukwa ine ndinaphunzira apa. Kapena asanene kanthu, angomusiya pabenchi mnyamata wodziwa kugoletsa n'kunama kuti wabvulala. Zimenezi zili ndi dzina lake, ndipo ife a mu Zambia tinachita nazo kale manyazi. Mu 2011 khoti la ku Rovaniemi, m'dziko la Finland, linapeza olakwa anyamata 7 a kuno kwathu amene ankasewera mu timu ya RoPS, pa mlandu wolandira ndalama kuti akonze zotsatira za masewera. Amene ankawapatsa ndalamazo, Wilson Raj Perumal wa ku Singapore, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri. Mudzati kumeneko kunali ndalama, kuno ndi chikondi chabe. Koma kwa mwana amene wagulitsidwa palibe kusiyana. Kaya mwamusinthanitsa ndi madola kaya ndi chikumbutso cha yunifomu yanu yakale, thukuta lake lapita pachabe chimodzimodzi.

Tsono wogulitsa ndani, amene anakana kugulitsa ana amene makolo anamupatsa m'manja, kapena amene ankafuna kuti awagulitse?

Pali chinanso chimene okuwa aja akuiwala dala. Mphunzitsi wa boma sasankha yekha kopita. Amamaliza koleji, amadikira, ena zaka zingapo akugulitsa tomato kapena kupalasa njinga ya kabaza, kenako dzina limatuluka ndipo amapita kumene atumizidwa. A kochi athuwa sanathawe sukulu yawo. Nthawi imene ankadikira nchito tinkawaona m'komboni muno akuphunzitsa tiana bola ya mapulasitiki popanda wowapatsa ngakhale ngwee. Sukulu yawo yakale inali pomwepo, ana asukulu akale aja anali pomwepo. Palibe amene anawaitana kuti bwerani mudzatithandize. Lero aonekera ndi timu yodziwa kupatsirana bola pansi, ndiye mwakumbuka kuti ndi anu. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ife timaunena mwambiwu mwana akamapita ku Lusaka kukafuna nchito, koma akabwera atakula, mano atatuluka, timadabwa kuti akuluma.

Chotiseketsa n'chakuti khalidwe lomweli timaliombera m'manja likakhala kuti likutikomera. Tengani a George Lwandamina, amene tonse timawatchula kuti "Chicken". Anachoka ku Zesco United kumapeto kwa 2016 n'kupita ku Young Africans, Yanga ya ku Dar es Salaam. Mu March 2017, mu CAF Champions League, Yanga inakumana ndi Zanaco. Mzambia anakhala pabenchi ya a ku Tanzania akufuna kugwetsa timu ya kwawo, ndipo anayesetsa ndithu: 1-1 ku Dar es Salaam, 0-0 ku Lusaka, Zanaco n'kupitirira chifukwa cha chigoli cha koyenda. Mu 2018 anabwerera ku Zesco. Mu September 2019 mpikisano womwewo unawagwetsera Yanga, timu imene inkawalipira dzana lomweli. Ku Dar es Salaam 1-1, ku Ndola Zesco inawina 2-1, Yanga kunja. Ndani wa ife anayimba foni ku wailesi kuti a Chicken akadawamvera chifundo anthu amene anawasunga bwino? Tinabvina. Tinati ameneyo ndiye kochi, amaidziwa Yanga mkati ndi kunja.

Nanga Hervé Renard? Pa 12 February 2012 ku Libreville analiza dziko lonse la Ivory Coast pamene Chipolopolo inatenga chikho cha Africa pa mapenate 8-7. Anthu a ku Ivory Coast sanasunge mangawa. Anaona kuti munthu amene watiliza ndiye wodziwa nchito, anamulemba, ndipo mu 2015 anawapatsa chikho chomwecho atagonjetsa Ghana pa mapenate 9-8. Ife kuno tikadakhala tikadali kumutukwana pa Facebook.

Ena pa foni anati bvuto si kuwina, koma kuti a kochi amadziwa zinsinsi za sukulu yawo yakale. Zinsinsi zanji, abale? Kuti bwalo linapendekera mbali imodzi? Kuti wakumbuyo akaipeza bola amangoimenya m'mwamba kuti wothamanga kwambiri akaipeze kutsogolo? Zimenezo ngakhale amayi ogulitsa vitumbuwa pageti amazidziwa. Ngati munthu amene anachoka pasukulu zaka zoposa 10 zapitazo akudziwabe mmene musewerere, mlandu si wake. Ndiye kuti pa zaka zonsezo simunaphunzire chatsopano.

Pamodzi pokha tikugwirizana nawo pang'ono odandaulawo. Pa chigoli chachiwiri a kochi anadumpha n'kuthamanga m'mbali mwa bwalo, kutsogolo kwenikweni kwa aphunzitsi okalamba amene anawaphunzitsa. Ife tikadakonda akadangoimirira n'kuomba m'manja, monga amachitira osewera ena akagoletsa timu yawo yakale. Umenewo ndi ulemu, ndipo munthu wamkulu angawaitanire pambali n'kuwauza. Koma ulemu umathera pa kadumphidwe. Sufika pa zigoli. Ndipo amene ankakuwa aja sanaone, kapena sanafune kuona, kuti bola itatha a kochi anapita kubenchi ya sukulu yawo yakale, anagwira chanza ndi manja awiri aphunzitsi a zamasewera amene anawapatsa ukaputeni kalelo, n'kuima nawo kanthawi. Mdalayo ankaseka. Mwina ndiye yekha pabwalo lonse amene anazindikira kuti zimene zinamugonjetsa zinachokera m'manja mwake.

Kwa inu a kalasi lakale, amene mumati sukuluyo ili m'magazi mwanu, tili ndi funso limodzi. Timu imene munkaikuwira ija inabwera ndi bola imodzi yosokedwasokedwa, ndipo majezi ena manambala ake analembedwa ndi choko. Pakati panu pali eni mashopu ku Kapata, pali oyendetsa mathiraki a ku Mwami, pali ogwira nchito m'maofesi a boma. Ndi liti pamene munasonkherana kugula bola ngakhale ziwiri? Ndi liti pamene mmodzi wa inu anapita masana a pakati pa sabata kukaona anyamatawo akuchita mapulakatisi? Kukuwa "Yudasi" n'kwaulere, n'chifukwa chake kunachuluka.

Masukulu awiriwa adzakumananso temu ya mawa, ndipo ulendo uno ndi kwawo kwa anyamata a kunja kwa tauni aja. Ife tidzapita ndi chojambulira mawu chathu. Amene akufuna kuti sukulu yake yakale ikabweze, nthawi yogula bola ndi kupeza wophunzitsa anyamata ndi ino. Ndalama ya minibasi aliyense adzilipirire yekha.