Masamba a mchezo olipira ndalama: zomwe mlendo sauzidwa pakhomo

M'maboma athu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, achinyamata ambiri akumva za masamba a mchezo omwe amalipira munthu akalemba nkhani kapena kuika chithunzi. Malipirowo sabwera m'makwacha koma m'ndalama za pa intaneti zotchedwa cryptocurrency. Makolo akufunsa ngati zimenezi n'zoona. N'zoona ndithu kuti masamba otere alipo, koma khomo lake ndi lopapatiza, ndipo amene amapunthwa kwambiri ndi mlendo.

Tiyeni tione chitsanzo cha Steemit, tsamba lomwe Ned Scott ndi Dan Larimer anayambitsa mu 2016, komanso Hive, yomwe inapatukako mu March 2020 Justin Sun atagula kampani ya Steemit.

Vuto loyamba ndi makiyi. Pa Facebook munthu amakhala ndi pasiwedi imodzi, ndipo akaiwala amamutumizira uthenga pafoni. Pa Steemit ndi Hive mumapatsidwa makiyi anayi: yolembera nkhani, yotumizira ndalama, ya umwini wa akaunti ndi ya mauthenga achinsinsi. Iliyonse ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala oposa 50. Tikaiwala nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba timapita ku ofesi ndi chitupa. Kumeneku kulibe ofesi. Makiyi akatayika onse, akaunti ndi ndalama zake zapita. Taganizirani za pakhomo pomwe foni imodzi amabwerekana anthu atatu, kapena foni ya msodzi yogwera m'madzi.

Vuto lachiwiri ndi lakuti kulankhula kumene kuli ndi muyezo. Kuyambira mu September 2018, akaunti iliyonse imagwiritsa ntchito mphamvu yotchedwa Resource Credits, yomwe imachuluka malinga ndi ndalama zomwe mwini wake wasungamo. Mlendo wopanda kanthu amatha kulemba ndemanga zochepa chabe, kenaka n'kuuzidwa kuti adikire. Ambiri amaganiza kuti foni yawonongeka kapena bandulo yatha.

Chachitatu ndi malipiro. Nkhani imalandira mavoti kwa masiku 7, ndipo voti ya munthu wosunga ndalama zambiri imalemera kuposa mavoti a alendo mazana. Theka la mphotho limapita kwa ovota. Pa zotsalazo, gawo lina limabwera lomangidwa, ndipo pa Hive kulimasula lonse kumatenga masabata 13. Mukamasula, mufunikabe kupeza msika wa pa intaneti wosinthirako ndalamazo, kenaka munthu woti akupatseni makwacha. Pa sitepe iliyonse pali kudulidwa, ndipo pali akathyali odikirira amene angaonetse kiyi yake. Tisaiwale kuti Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti cryptocurrency si ndalama yovomerezeka ndi malamulo m'dziko muno. Wobedwa alibe kodandaula kwenikweni.

Chachinayi n'chofunika kwa makolo. Zolembedwa pa masambawa zimasungidwa mu blockchain, kaundula yemwe safufutika. Mwana akalemba mawu osayenera kapena onyoza mnzake, ngakhale atawachotsa patsamba, m'kaundulamo amatsalabe.

Palinso mbali yomwe ikutikhudza ngati Asilamu. Pa Hive pali thumba losungiramo ndalama yotchedwa HBD lomwe limapereka chiwongoladzanja, ndipo mlendo angathe kulowamo pongodina batani osadziwa kuti wayandikira riba. Ma ulama nawo sanagwirizane chimodzi pa cryptocurrency. Shawki Allam, yemwe anali Mufti wamkulu wa ku Egypt, analetsa malonda a Bitcoin, ndipo mu November 2021 bungwe la ma ulama la ku Indonesia linati n'kosaloledwa kugwiritsa ntchito cryptocurrency ngati ndalama. Ena amaloleza pa mfundo zina. Chifukwa chomwe oletsawo amatchula kawirikawiri ndi gharar, kusadziwika bwino kwa chomwe munthu akugula. Ndiye ngati munthu sakumvetsa n'komwe kusiyana kwa makiyi ake anayi, kusadziwako kwafika pati?

Apa mfundo yathu ndi yakuti zovutazi si zangozi. Masambawa anamangidwa kuti pasakhale mwini wolamulira ndalama za anthu, ndipo mtengo wa ufulu umenewo ndi wakuti udindo wonse wa banki umagwera pa mutu wa wogwiritsa ntchito.

Choncho abale ndi alongo, mwana akati akufuna kulowa, tisamukalipire, koma tikhale naye pansi. Atifotokozere komwe ndalamazo zikuchokera, momwe adzazitulutsire, ndi komwe walemba makiyi ake papepala. Asaikemo ndalama ya fizi kapena mpamba wa usipa. Ngati sangathe kufotokoza m'chiyankhulo cha kwathu, nthawi yolowa sinakwane.